Tsiku Limene Dontho la Magazi Linavala Chitenje

M'dilowa ya tebulo langa muli masilaidi awiri amene sindidzawataya. Onse ndi timagalasi tofanana, totalika ngati chala chamkombaphala, ndipo onse anapakidwa magazi ndi dzanja lomweli, m'kachipinda kamodzi, kuno ku Chelstone. Koma mutawanyamula n'kuwayang'anitsa pa zenera, simungavomere kuti ndi a mimba imodzi. Silaidi yoyamba ili ndi chibanthu chakuda bii pakati, chong'aluka ngati dambo la mu Okutobala, m'mbali monse muli zidindo za zala. Yachiwiri ili ndi kalilime kosalala, koyamba mokhuthala pang'ono n'kumanka kakupyapyala mpaka kukathera ngati nsonga ya nthenga ya nkhanga. Mukaipendeketsa pa dzuwa, kumchirako kumanyezimira timitundu ta utawaleza. Pakati pa masilaidi awiriwa panangodutsa miyezi inayi.

Kachipindako kanali kuseri kwa kiliniki ina yaing'ono, mtunda woyenda pansi kuchokera pa thanki yaikulu ya madzi ija imene aliyense wodutsa mu Great East Road amaidziwa. Kasanakhale labu kanali kosungiramo matsache, mabaketi ndi makatoni, ndipo fungo la ntchito yakaleyo linali lisanachoke. Tangoganizani benchi ya matabwa imene yakhala ikumwa utoto zaka ndi zaka, ili mawangamawanga, pena pofiira pena pabuluu, m'ming'alu mwake mutadzaza fumbi. Pa zenera panalibe waya wotchinga, choncho mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, fumbi la mumsewu linkabwera kudzagona pa magazi amene tayanika. Ntchentche nazo zinkadziwa nthawi yake. Ukangoika silaidi pansi n'kutembenuka, ina yatera kale, ikunyambita m'mbali n'kusiya timabowo. Masilaidi ogona pa benchi usiku anali mgonero wa mphemvu: m'mawa tinkapeza galasi lili mbee, ngati sitinapakepo kanthu.

Masilaidi osagwiritsa ntchito ankakhala m'chikontena cha majarini, atanyikidwa m'madzi otuwa, akukhulana okhaokha. Ena anali atazungulira kambirimbiri moti anali okandikakandika, achifunga ngati windo ya basi yakale. Tinkawatsuka ndi sopo wochapira zovala n'kuwapukuta ndi thaulo lomwe lija lopukutira m'manja. Galasi lotere limasunga mafuta osaoneka ndi maso, ndipo magazi sagwirizana ndi mafuta: ukawapaka amathawa, n'kusiya zigamba ngati madzi pa mbale imene munali nyama yonona. Nanga utoto? Utoto wa Giemsa, umene umayenera kusungunulidwa nthawi yomwe ukufunika, ife tinkausungunula Lolemba m'botolo la zakumwa, ndi madzi a pampopi, n'kumathira womwewo mpaka Lachisanu. Pofika Lachitatu pamwamba pake pankayandama kachikopa konyezimira ngati oyilo wa galimoto pa chithaphwi. Maikulosikopu nayo inkagona pa benchi osafunditsidwa dzinja lonse, mpaka inamera nkhungu m'magalasi ake, timizere tonga ukonde wa kangaude timene tinkaoneka pa silaidi ya wodwala aliyense.

Ine ndinali nditangomaliza maphunziro, m'mutu mwanga mutadzaza zithunzi zokongola za m'mabuku. Koma ndikaika diso pa maikulosikopu ija ndinkaona chifunga chabuluu, ngati m'mawa wa mu Juni, m'kati mwake muli timadontho takuda tambirimbiri. Aka ndi kachilombo ka malungo kapena ndi fumbi? Nanga aka, si kanyenyeswa ka utoto wovunda? Ndinkakhala pamenepo khosi lili gwa, panja pa benchi pali mayi wagoneka mwana wotentha thupi pamiyendo, akudikira pepala langa.

Funsolo silinali lamasewera. Mu Lusaka muno malungo ndi ochepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena ku chigwa cha Luangwa, kutanthauza kuti ana ambiri otentha thupi amakhala ndi vuto lina. Komabe Chelstone ili pakhomo penipeni polowera mumzinda kuchokera kummawa. Mabasi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba amatsitsa anthu pompano, ana ochokera kwa agogo, amayi ochokera ku maliro kumudzi, ena atanyamula thumba la mtedza, ena atanyamulanso malungo osadziwa. Ukalemba kuti alipo pamene palibe, mwana amwa mankhwala pachabe uku chibayo kapena nthenda ina ikumudya. Ukalemba kuti palibe pamene alipo, tonse tikudziwa kumene zimathera. Masiku ambiri ndinkaweruka mtima uli m'mwamba.

Kenaka kunabwera Amayi. Anali atapuma pa ntchito atatha zaka zambiri m'malabu, kwawo kuli ku Katete, ndipo eni kiliniki anawapempha kuti azibwera masiku atatu pa sabata. Tonse tinkangowatchula kuti Amayi. Tsiku loyamba ndinawakokera mpando pa maikulosikopu, poganiza kuti ayambira pamenepo. Sanakhale n'komwe. Anatola silaidi yanga, yomwe ija ili m'dilowa, n'kupita nayo pa zenera, kuitembenuza uku ndi uku.

"Mwananga, apa umapaka magazi kapena umamata khoma?"

Ndinayankha kuti mwina maso anga ndiwo sanazolowere.

"Ayi, maso ako alibe mlandu. Ngakhale ine sindingaonepo kanthu apa. Nthenda ya labu ino ili pa benchi. Bweretsa ndowa ndi magolovesi."

Sabata imeneyo inali ya thukuta. Masilaidi onse okandika anapita m'bokosi lotayamo zobaya, ndipo chikontena cha majarini chinatuluka pakhomo osabwereranso. Atsopano atabwera ndinadabwa kumva kuti nawonso ayenera kutsukidwa: kuwanyika m'madzi a sopo wa mbale, kuwatsukuluza kangapo m'madzi oyera, kuwapukuta imodziimodzi ndi kansalu ka thonje kosasiya ubweya, kenaka kuwakulunga m'mapepala khumikhumi ngati ndalama za chilimba. Kuyambira tsiku limenelo silaidi inkagwiridwa m'mphepete mokha, ndipo chala chikangokhudza pakati, imeneyo yabwerera ku sinki. Kalipentala wina wa ku Kamanga anakhomera waya pa zenera, anayala fomaika yoyera pa benchi, n'kutipangira kabokosi koyanikamo masilaidi, kokhala ndi chivindikiro cha waya, kuti ntchentche zizingoonera kunja. Pa sinki tinapingasa timitengo tiwiri tagalasi togonekapo masilaidi pothira utoto. Maikulosikopu inapita kukatsukidwa, ndipo itabwera inapatsidwa nyumba yake, kabati yotseka bwino yokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Pofika Loweruka, anamwino ankangobwera kudzasuzumira pakhomo, akufunsana ngati ndi kachipinda komwe kaja.

Ndinkaganiza kuti tamaliza. Lolemba lake Amayi anandiitanira kumene timaphikira tiyi n'kuvundukula ketulo.

"Suzumira umu. Ukuona chiyani?"

M'kati monse munali chikhungwa choyera, cholimba ngati chigoba cha dzira, chimene aliyense wa mu Lusaka amachidziwa. Mbali yaikulu ya mzinda uno inakhala pa mwala wa laimu, mtundu wa mwala umene ku Chilanga amapangira simenti, ndipo madzi ochokera pansi amatuluka atamwa mwalawo. Tsono Giemsa ndi mitundu iwiri yokhala m'botolo limodzi, wabuluu ndi wofiira, ndipo umene uti ugwire kwambiri zimadalira madzi amene wasungunulira. Madzi akapendekera ku laimu, zonse zimatuluka zabuluu. Akapendekera ku asidi, zonse zimafiira. Kuti kachilombo ka malungo kaonetse thupi labuluu ndi kadontho kofiira, madzi ayenera kukhala pa pH 7.2. Chifunga chabuluu chimene chinkandisowetsa tulo chija, mbali yake yaikulu inali kuchokera pampopi!

Mankhwala ake anali ochepa mochititsa kaso: madzi osungunula otchedwa distilled ndi kapiritsi kamodzi ka buffer pa lita. Botolo lenileni la Giemsa, labulauni, linakakhala mumdima, lotsekedwa ndithu, ndipo Amayi analetsa kulowetsamo chilichonse chonyowa, chifukwa kadontho kamodzi ka madzi kamayamba kuwononga botolo lonse. Wosungunula tinkapanga wongokwanira masilaidi amene ali pa sinki. Wodwala akakhala kuti akudikira panja, gawo limodzi la utoto pa magawo asanu ndi anayi a madzi, mphindi 10. Masilaidi akakhala ambiri ndipo palibe changu, magawo 3 pa 100, kwa mphindi 45 kufika 60, ndipo amenewo ndiwo amatuluka okongola koposa. Wotsala, kutaya. Poyamba zinkandipweteka mtima kuona utoto ukupita mu sinki, koma Amayi sankasintha mawu.

Zonsezi zinatha ndi ndalama zochepa ndi masabata awiri. Chimene chinatenga nthawi ndi dzanja.

Kupaka magazi pa silaidi, kumene mu labu timangoti smear, ndi ntchito ya masekondi awiri, koma ine inanditengera miyezi. Masana odwala akatha, Amayi ankatulutsa magazi otsala m'timabotolo ta chivindikiro chapepo n'kundiikira mulu wa masilaidi patsogolo. Kadontho kakhale kakang'ono ngati mutu wa phini, chakumapeto kwa galasi. Utenge silaidi ina yosalala m'mphepete, uipendeketse kutsogolo kwa kadonthoko, pakati pa madigiri 30 ndi 45, uibweze m'mbuyo mpaka ikhudze magazi. Udikire pang'ono, uone magaziwo akuyenderera okha m'mphepete mwa galasi. Ukatero ukankhe kutsogolo kamodzi n'kamodzi, osaima, osatsindika. Magazi sakankhidwa ndi galasi ayi, amalitsata pambuyo ngati mwana wogwira chitenje cha mayi ake pamsika.

Kunena n'kosavuta. Ukaimika kwambiri chopakiracho, pamatuluka kanthu kakafupi kokhuthala. Ukachigoneka kwambiri, magazi amayenda mpaka kukagwera kumapeto kwa galasi, mchira osaoneka. Dzanja likazengereza panjira, pamakhala mizere ngati munda wogalauza. Chopakira chikakhala chobenthuka, chimasiya mikwingwirima ngati mwadutsa chipeso. Magazi a munthu wochepa magazi ndi amadzimadzi, amafuna kuti uimike galasi pang'ono kuposa nthawi zonse. Zolakwika zonsezi ndinazipanga, china chilichonse kangapo, ndipo Amayi ankaziyala pa benchi mondondozana n'kundifunsa kuti ndinene ndekha chimene dzanja linachita pa silaidi iliyonse.

"Walimbitsa dzanja ngati ukusenda chinangwa," ankatero. "Lifewetse. Likhale ngati la munthu wopeta."

Lachinayi lina madzulo, nditatopa moti ndinasiya kuganizira za madigiri, dzanja linangopita lokha, see! Pa galasi panatsala kalilime kaja, kosalala, kosafika m'mphepete, kothera m'kamchira ka nthenga. Amayi anakanyamula pa zenera n'kukhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Eya. Panganso ina." Ndinapanga ina, inatheka. Inanso, inatheka. Tsiku limenelo ndinapanga khumi zondondozana, ndipo pokwera minibasi madzulo ndinadzipeza ndikukankha chala pa bondo langa, kubwereza kayendedwe kaja kuti kasandithawe usiku.

Pambali pa chopyapyalacho pamakhala chinzake chokhuthala, ndipo ndi pamenepa pamene kale ndinkamata khoma. Timadontho titatu tokha, kutisakaniza ndi ngodya ya silaidi mozungulira mpaka pakhale kabwalo kakukula ngati chikhadabo. Pofuna kudziwa ngati wakhuthalitsa, Amayi anamata chidutswa cha nyuzipepala ya Times of Zambia pakona ya benchi: ukaika silaidi pamwamba pake magazi asanaume, zilembo zizioneka ndithu, ngakhale movutikira. Zikabisika, wachulutsa, ndipo pouma padzang'aluka n'kusupuka. Chopyapyala chimanyikidwa mu methanol kwa masekondi ochepa kuti maselo aume ali m'maonekedwe awo. Chokhuthala sichifuna methanol ngakhale mpweya wake, sichifunanso dzuwa kapena moto, chifukwa maselo ake ofiira ayenera kuphulika akakumana ndi madzi a utoto kuti diso lidutse n'kuona tizilombo tosonkhana kuchokera m'magazi ambiri. Ana awiri pa galasi limodzi, wina wosamba wina woletsedwa! Kale ife tinkathira methanol paliponse, kapena kuiwala kumene. Ngakhale nambala ya wodwala inasintha cholembera: inki imasungunuka ndi methanol, pensulo siichoka. Ndi pa chala pomwe panali zophunzira. Kubaya cham'mbali mwa chala chachinayi, kudikira spiriti iume kaye, kupukuta dontho loyamba, ndi kusafinya ngati ukukama ng'ombe.

Mphindi zodikira utoto zija zinandipatsa mpata wowerenga za anthu amene mayina awo ali pa mabotolo athu. Mu 1880, dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, ali ku Constantine m'dziko la Algeria, anaona kachilombo ka malungo m'magazi aawisi, opanda utoto uliwonse, ndipo madokotala anzake ambiri anatenga zaka asanamukhulupirire. Ndimawamvetsa, chifukwa chifunga ndinachionapo. Mu 1891, ku St Petersburg, Dmitri Romanowsky anasakaniza methylene blue ndi eosin, ndipo panatuluka mtundu wachitatu, wofiirira mopita ku pepo, umene unagwira kamtima ka kachilomboko n'kukaonetsa poyera. Vuto linali loti msakanizowo unkatheka lero, mawa n'kukanika. Gustav Giemsa, katswiri wa mankhwala ku Hamburg, ndiye anaukhazika pansi mu 1904, mu methanol ndi glycerol, kuti uzikhalitsa m'botolo ndi kugwira mofanana nthawi zonse. Njira ya dontho lokhuthala anaifotokoza ndi Ronald Ross mu 1903. Nzeru zonsezi zinali m'botolo lathu labulauni lija kuyambira kale, ife tinkangozimiza m'madzi olakwika.

Silaidi yoyamba ya wodwala imene ndinaiyendetsa ndekha njira yonse yatsopanoyi inali mu Januwale, mvula ili pakati. Kanali kamnyamata ka sukulu, kongobwera kumene kuchokera ku holide kwa agogo ake ku Nyimba, thupi lili juu, maso ali lobodo. Galasi latsopano la m'pepala, chala chouma, kalilime ndi kabwalo, methanol mbali imodzi yokha, utoto wosungunula pompo. Mphindi 10 zitakwana sindinakhuthule utoto monga kale. Ndinathira madzi a buffer pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kuti kachikopa ka pamwamba kayandame n'kuchoka kosakhudza magazi. Silaidi inauma itaimirira. Kadontho ka mafuta, galasi lokuza ka 100, diso pa maikulosikopu.

Abale inu! Chifunga chija panalibe. Kunali kowala ngati kumwamba mvula itangokata. Maselo oyera anali apa ndi apo, mitima yawo ili yapepo wakuda, yopindikapindika ngati mtedza wa m'makoko. Ndipo pakati pawo, posafuna n'kufunafuna komwe, panali timadontho tofiira psuu, kalikonse kali ndi kamchira kabuluu kopinda. Palibe chofunsa kuti kodi ndi fumbi. Nditasunthira ku chopyapyala, pafupi ndi mchira wa nthenga uja, ndinapeza maselo ofiira atayalana limodzilimodzi, osasanjikizana, ozungulira bwino, otuwirako pakati ngati zitumbuwa pa lichero. M'kati mwa ena munali timphete topyapyala tabuluu, kalikonse ndi kamwala kake kofiira, tina tili ndi timiyala tiwiri ngati ndolo, maselo ena atanyamula timphete tiwiri. Plasmodium falciparum, mwini wake wa malungo ambiri a m'Zambia, atakhala poyera ngati pa chithunzi cha m'buku, atakuzidwa ka 1,000, pa benchi yomwe ija mphemvu zinkadyerapo.

Ndinaitana Amayi mawu akunjenjemera. Anayang'ana, anazungulitsa pang'ono, kenaka anaimba kanthungululu kapansipansi kuti odwala panja asadabwe.

"Tsopano werenga," anatero.

Chimenechi kale sindikanachiyesa n'komwe. Pa chokhuthala umawerenga tizilombo uku ukuwerenganso maselo oyera mpaka akwane 200, kenaka n'kuwerengetsera potenga kuti m'kadontho ka muyeso wa microlitre mumakhala maselo oyera 8,000. Pepala limene linapita kwa adokotala tsiku limenelo linali ndi dzina la kachilombo ndi nambala. M'mawa mwake, mwana atayamba mankhwala, nambala ija inali itatsika, ndipo tinaiona ikutsika ndi maso athu.

Galasi likayera limayamba kuulula ndi zimene sunalifunse. M'masabata otsatira ndinaona kachilombo kooneka ngati kanthochi kakang'ono, kamene kamadikira udzudzu kuti kapite kwa munthu wina. Ndinaona maselo ang'onoang'ono otuwa a mayi woyembekezera wosowa ayironi. Tsiku lina, pa silaidi ya mwana amene ankabwera kawirikawiri akulira mafupa, panaoneka maselo opindika ngati chikwakwa, ndipo adokotala anamutumiza kukayezedwa sickle cell. Zinthu zimenezi zinkadutsa pa benchi yathu chaka chonse, zitafunda chifunga.

Makhololo oyezera TB nawo anasintha, ndipo kusintha kwake kunali kokoma mwa mtundu wina. Kale tinkalandira chilichonse chimene wodwala wabweretsa, ngakhale malovu okhaokha, n'kupaka chibanthu chachikulu, kuchiwotcha pa moto mpaka kupserera. Amayi anayamba ndi wodwala: akatsokomolere panja pa mphepo, apume mozama kaye, atulutse za pansi pa chifuwa. Pa benchi, kusankha ndi kamtengo kachigawo kolimba kachikasu, kukapaka mozungulirazungulira pa galasi latsopano, losagwirapo ntchito, chifukwa mkwingwirima wa galasi lakale umasunga utoto wofiira n'kunamiza diso. Kuyanika kuume kokha, kudutsitsa pa lawi katatu basi. Kenaka carbol fuchsin wofiira, kumutenthetsa mpaka nthunzi iyambe kukwera koma osawira, kutsuka ndi asidi, n'kumaliza ndi methylene blue. Kachilombo ka TB kali ndi chikopa chonga phula, chimene chikamwa utoto wofiira sichiulavula ngakhale asidi abwere. China chilichonse chimasuluka n'kuvala buluu. Ndiye taonani m'maganizo nsalu yabuluu yowala, pamwamba pake patagwera timaulusi tofiira, topyapyala, topindika pang'ono, tina tokhatokha tina tili m'timagulu. Kachilombo kamene Robert Koch analengeza mu 1882, pa utoto umene umatchedwa ndi mayina a Ziehl ndi Neelsen mpaka lero. Kufupi ndi ife kuno, cha ku msewu wopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kuli Chest Diseases Laboratory, labu yaikulu ya dziko lonse pa nkhani ya TB. Amayi ankakonda kuloza chakumeneko n'kunena kuti silaidi iliyonse ndiziipaka ngati mawa ikawerengedwa kumeneko, ndipo ndisalembe kuti sindinaone kanthu ndisanayende malo 100 pa galasi.

Anandiphunzitsanso kuti si zonse zimafuna kuuma. Maselo otengedwa pa khomo la chiberekero, pa njira ya George Papanicolaou, amalowa mu alcohol wa 95 peresenti akadali onyowa, nthawi yomweyo. Ukachedwa pang'ono n'kuuma ndi mphepo, amafufuma n'kusokoneza amene akawawerenge. Magazi, yanika msanga. Awa, usayerekeze.

Pali ena amene amandifunsa ngati zonsezi si ntchito yakale, poti masiku ano kuli timapulasitiki toyezera malungo m'mphindi zochepa, kulinso makina a GeneXpert amene bungwe la WHO linavomereza mu 2010. Zida zimenezi ndimazilemekeza kwambiri. Kapulasitiki kamafika kumudzi kumene kulibe magetsi, ndipo GeneXpert imapeza TB imene diso likanaiphonya, n'kunenanso ngati ikukana mankhwala a rifampicin. Koma kapulasitiki sikawerenga tizilombo, ndipo kamatha kuonetsabe mizere iwiri patapita masabata munthu atachira. GeneXpert imaona ndi tizilombo takufa tomwe, n'chifukwa chake wodwala TB amene ali pa mankhwala amabwereranso ku silaidi pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Likulu la nkhondo yothetsa malungo m'dziko muno, National Malaria Elimination Centre, lili pa Chainama pomwepa, ndipo ine ndimaona kuti malungo akamachepa m'pamene pafunika anthu odziwa kupeza kachilombo kamodzi kobisala pa galasi loyera.

Lero mukalowa m'kachipinda kaja m'mawa, dzuwa limagwera pa fomaika yoyera, mapaketi a masilaidi ali ndondondo pa shelefu, botolo la buffer lili ndi deti lake, wotchi yaing'ono ili pambali pa sinki. M'kabokosi ka waya mumakhala timalilime tondondozana, tofanana ngati ana a sukulu pa mzere. Kachidutswa ka nyuzipepala kaja kadakali pakona, katachita chikasu. Amayi anabwerera kwawo ku Katete, ndipo ophunzira akabwera ndine amene ndimapita ndi masilaidi awo pa zenera.

Kamnyamata ka ku Nyimba kaja kanabweranso patapita masiku, kakuthamangathamanga m'khonde, kudzayezedwa komaliza. Ndinayenda pa galasi lake malo onse ofunika, osapeza kanthu. Mayi ake anaima pakhomo la labu, chikwama chili m'khwapa, n'kufunsa mwaulemu ngati n'zololedwa kuti munthu wamba aoneko. Ndinawaikira silaidi ya mwanayo ya tsiku loyamba ija, n'kuwasonyeza potsinzinira diso. Anawerama nthawi yaitali.

"A dokota, ndiye awa ndi magazi a mwana wangayu?"

Ndinavomera, n'kuwauza kuti timphete tabuluu ta kadontho kofiirato ndito tinkamudwalitsa. Kenaka ndinasintha, n'kuika ya tsiku limenelo. Anayang'ananso. Maselo ofiira okhaokha, atayalana mwakachetechete, apa ndi apo selo loyera lapepo.

"Timphete tija tapita," anatero, diso likadali pomwepo. "Koma inu, ine ndimaoda zitenje ku Kamwala n'kumagulitsa pamsika apa, chaka chino n'chachisanu ndi chitatu. Maluwa ngati awa sindinawaonepo pa nsalu iliyonse."

Anatembenuka n'kukuwira m'khonde kuti mwana abwere msanga. Tinamukweza pa kampando, ndipo anagwira benchi ndi manja onse awiri, n'kuika diso.